Wamasiye wa Boma

M'dziko la Zilibwino zinthu zinali bwino, chifukwa lamulo linkatero. Ukagona ndi njala, unkagona bwino. Mlatho ukakokoloka, unkakhala utakokoloka bwino. Amene ankaona mosiyana ankatengedwa kukapuma ku Mpumulo, nyumba ya mipanda italiitali imene Mfumu Sindichoka inamangira anthu otopa ndi kuganiza, ndipo opita kumeneko ankapuma mosabwerera msanga.

Komabe anthu a ku Zilibwino anali ndi kanthu kawo kamene ankasungira kumtima. Kalekale mlosi wina, asanatsamwidwe ndi fupa la nkhunda, ananena kuti kudzabwera mwana. Adzakhala wamasiye, wa chipsera cha moto pamkono, wosafika zaka makumi awiri, ndipo adzagwetsa mpando. Mawu anali omwewo basi, koma anthu anawafunda ngati bulangete. Msonkho ukakwera, amuna a ndevu zawo ankapukusa mitu n'kumati, "Zisiyeni, mwana akubwera." Asilikali akalanda mbuzi, eni mbuzi ankati, "Idyani, mwana akubwera." Panalinso ena amene denga likadontha ankangosuntha mphasa, poganiza kuti mwanayo akadzathana ndi mpando adzawafolereranso nyumba.

Nkhani ya mwanayu inkaisowetsa mtendere Mfumu. Inayamba yaletsa makolo kumwalira popanda chilolezo, kuti amasiye achepe, koma makolo a ku Zilibwino ndi anthu osamva, ankangomwalirabe. Inaletsa ana kuwotha moto, chisanu chitafika lamulolo linaphwanyidwa ndi apolisi omwe. Pomaliza inaitanitsa nduna zake zonse.

Nduna zinayankhula kuyambira m'mawa mpaka thukuta kamukamu, aliyense akuyamba ndi kuyamika nzeru za Mfumu n'kumaliza ndi kuyamika nzeru za Mfumu, pakati popanda kanthu. Kenaka anaimirira a Indebwana, Nduna ya Chiyembekezo, bambo wa mimba yotsogola amene khosi lake linapindika kalekale chifukwa cha kugwedeza mutu.

"Mwinidziko, tamvetsani bwino mawu a mlosi uja. Kodi anati mwana adzagwetsa Mfumu? Ayi. Anati mpando. Nanga mpando n'chiyani? Ndi matabwa a mlombwa ndi misomali. Timupeze tokha mwanayo, timuphunzitse, augwetse bwinobwino pamatiresi anthu onse akuona. Ife tiuimike, inu mukhalepo. Ulosi wakwaniritsidwa, nkhani yatha, aliyense kwawo."

Mfumu inakanda chibwano. "Nanga mwanayo akakhala wamwano?"

"Tisankha waulemu, Mwinidziko."

Umu ndi momwe tsoka linamupezera Ndaziona, mtsikana wokazinga chinangwa mumsika wa Tiyeseko. Analibe maloto opulumutsa dziko. Maloto ake anali chiwaya chachikulu ndi ambulera yotchinga dzuwa. Chipsera anali nachodi, cha mafuta otentha, koma chimenecho aliyense wokazinga mumsikamo anali nacho, ena mpaka m'zigongono. Chinamugulitsa ndi ulemu. A Indebwana atafika ndi asilikali awo n'kuloza chinangwa, atsikana ena anangotambasula mkono ali chilili, koma Ndaziona anagwada n'kupereka ndi manja awiri monga anamulerera mayi ake.

A Indebwana anayang'ana mawondo, anayang'ana chipsera, maso awo anawala.

"Iwe mtsikana, bambo ako ali kuti?"

"Anatisiya kalekale, bwana."

"Zosangalatsa kwambiri! Nanga mayi ako?"

"Ndi awa akusenda chinangwawa."

A Nangozo, mayi ake a Ndaziona, anatukula mutu mpeni uli m'manja. Anali mayi woonda wa chifuwa chosatha, koma pakamwa pawo panali pathanzi ndithu. "Mwaswera bwanji, bwana? Chinangwacho mwadya kale ziwiri."

Nkhope ya nduna inagwa pang'ono, kenaka inadzukanso. "Ili ndi vuto laling'ono. Boma likonza."

Boma linakonzadi. Mawa lake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira mzinda wonse ikulengeza kuti Mfumu, mwachisoni chachikulu, ikudziwitsa mtundu wonse kuti mayi Nangozo amwalira kuyambira Lachisanu m'mawa. Wowapatsa moni, wowagula malonda, ngakhale wongowaona kumene, akutsutsa mawu a Mfumu, ndipo malo ake ndi ku Mpumulo.

Maliro anali apamwamba, oti a Nangozo sakanawalota ali moyo. M'bokosi munaikidwa thunthu la nthochi. Kunabwera kwaya ya asilikali, nkhata zamaluwa zinachita kuunjikana. A Nangozo anavala chitenje chawo chatsopano n'kupita nawo, poti maliro a munthu wodziwana naye sujomba. Anakhala kumbuyo, anthu atawasiyira malo aakulu mbali zonse. A Indebwana atayamba kufotokoza mbiri ya malemu, kuti anali mayi wofatsa, wosayankha akulu, wokonda msonkho, a Nangozo anafwenthera.

"Ameneyo mukuika m'mandayo ndi wina," anatero mokweza.

Pafupi nawo panali a Kamtedza, wogulitsa nsapato za kaunjika moyandikana ndi chiwaya chawo. Iwo anayang'ana kumwamba, ngati akuyankhula ndi mtambo. "Akanakhala kuti malemu akumva, ndikanawauza kuti atonthole, msilikali uyo akuyang'ana kuno."

"Malemu akumva," anayankha a Nangozo, "ndipo akuti nyimboyi aiyambira pamwamba kwambiri."

Tsiku limenelo anthu anaseka m'zitenje ndi m'zipewa. Nayenso Ndaziona, atakhazikidwa kutsogolo pakati pa nduna n'kuuzidwa kuti alire, anachita kuluma mlomo kuti asaphulike. Ankaganiza kuti ndi masewera a sabata imodzi.

Kuchoka kumanda anapita naye kunyumba ya Mfumu kukaphunzira ungwazi. Nduna zinali zitafufuza bwino momwe mpulumutsi amakhalira, ndipo sizinafune kuti pasowe kanthu. Zinamupatsa mphunzitsi, msilikali wokalamba amene ntchito yake inali kumwa kachasu n'kumanena mawu ozama osamveka. "Mpando uli mwa iwe," ankatero, kenaka n'kugona. Zinamusokera zovala zachikopa zakuda zothina, mwezi wa Okutobala, moti ankatuluka thukuta ngati chinangwa chophika. Zinamupatsanso anyamata awiri oti azimulimbirana, chifukwa akuti mpulumutsi wamkazi sayenda popanda zimenezo. Wina ankangomwetulira, winayo ankangotsamira khoma atakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Usankhe mmodzi, koma usafulumire," anamulangiza a Indebwana. "Anthu amakonda kudikira."

"Bwana, mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndingofuna kupita kwathu."

"Kwanu n'kuti? Ndiwe wamasiye."

M'mawa uliwonse ankaphunzira kugwetsa. Anayamba ndi timipando takukhitchini, anafika pa mabenchi, kenaka mipando ya m'kalasi. Vuto linali limodzi: akagwetsa ankapepesa n'kuuimikanso. Zinatenga nthawi kuti chizolowezi chimenechi chimuchoke.

Tsiku lina a Kamtedza anabwera kudzamuyeza nsapato za ungwazi, poti m'nyumba yonse ya Mfumu munalibe jombo yomukwana. Atagwada n'kugwira phazi lake, anayamba kuyankhula ndi nsapato.

"Iwe nsapato, kumudzi kuli mzimu wina ukutsokomola koopsa. Unapita kuchipatala, anaubweza pakhomo, akuti mankhwala ndi a anthu amoyo. Pamjigo azimayi akauona amayang'ana kumbali. Chinangwa chake chimangouma m'lichero, palibe wogula. Ife timauponyerako kaufa pawindo tikamadutsa, koma mantha, nsapato iwe, mantha."

Ndaziona anazindikira kuti mzimuwo ndi mayi ake. Kuseka konse kwa pamaliro paja kunamuthera pomwepo. Anathamanga ndi jombo imodzi mpaka kuofesi ya a Indebwana, ndipo ngakhale mtima unali ukuwira, mawondo anagwada okha.

"Bwana, ndikagwetsa mpandowo, amayi adzuka tsiku lomwelo?"

"Adzuke?" A Indebwana anaseka mpaka mimba inagwedeza tebulo. "Mwanawe, Mfumu sibweza mawu. Chikhalireni pampando sinabwezepo ngakhale moni. Komanso taganiza: mayi ako akadzuka, iwe sukhalanso wamasiye. Ukapanda kukhala wamasiye, ulosi sunakwaniritsidwe. Ndiye tavutikiranji? Amene uja anapita basi. Limba mtima, ngwazi sizikhala ndi amayi."

"Koma akudwala, bwana."

"Wakufa sadwala. Ukuona ubwino wake?"

Ndaziona anatuluka misozi ili chuchuchu. Anali ndi mantha, anali ndi mkwiyo, koma nzeru analibe. Ngwazi za m'nthano zikafika pamenepa zimapeza lupanga lobisika kapena gulu la anzawo m'nkhalango. Iye anali ndi mphunzitsi woledzera, zibwenzi ziwiri za boma ndi jombo imodzi.

Tsiku la Kugwetsa linafika. Bwalo la Tithokoze linadzaza mpaka m'mitengo, chifukwa osabwera anauzidwa kuti akapuma ku Mpumulo. Pansanja panali mpando weniweniwo, wa mlombwa wonyezimira, poti nduna zinagwirizana kuti wabodza ulosi ungaukane. Kumbuyo kwake anayala matiresi atatu kuti usakalike. Ndipo chinachitika chinthu chimene ngakhale okalamba anali asanachionepo: Mfumu Sindichoka inaimirira pagulu. Anthu anadabwa kuona kuti ndi kamunthu kakafupi.

"Ndiye kutalika konse kuja unali mpando?" ananong'ona mayi wina.

A Indebwana anagwira chimkuzamawu. "Anthu a Zilibwino! Maiko ena mpulumutsi amachita kumudikira zaka mazana. Kuno Mfumu yanu, mwa chikondi chake, yakupezerani yokha, yamudyetsa, yamuveka! Ndi mfumu iti padziko lapansi imene inakonzapo kugwetsedwa kwake mwadongosolo chonchi? Lero mupulumutsidwa, ndipo mukatha kupulumutsidwa mutuluke mwa mzere kudzera pachipata chakumadzulo!"

Ng'oma zinalira. Ndaziona anakwera pansanja chikopa chikulira kwichikwichi, zibwenzi zake zikumutsatira, wina akumwetulira, wina atakwinya. Anaika manja pampando monga anamuphunzitsira. Anangotsala kukankha.

Apo ndi pomwe anawaona. Pakati pa chinamtindi cha anthu othithikana panali malo opanda kanthu, ozungulira ngati dwale, ndipo pakati pa malowo panaima a Nangozo okhaokha, dzuwa likuwawotcha pamutu. Anali ataonda kuposa kale. Anatsamira kandodo, akutsokomola, koma khosi atalitukula kuti aone mwana wawo. Panalibe wowapatsa mthunzi, panalibe wowasunthira pokhala.

Musaganize kuti Ndaziona anakonza chiwembu. Mutu wake unalibe ulosi panthawiyo, unalibe ndale, unalibe dziko. Anangoona chinthu chimene mwana woleredwa bwino sangachipirire: mayi ake ataimirira, mpando uli wopanda munthu. Anawerama, anaunyamula, anausenza pamutu monga ankasenzera thumba la chinangwa, n'kutsika nawo masitepe.

"Kumbuyo! Ugwetsere kumbuyo!" anakuwa a Indebwana. "Matiresi ali kuno!"

Anthu anapatuka okha. Ndaziona anafika pamalo paja, anautula mpando, anaupukuta fumbi ndi chikhatho, n'kugwada.

"Amayi, khalani pansi. Mwaima nthawi yaitali."

A Nangozo anauyang'ana mpandowo, anamuyang'ana mwana wawo, ndipo anakhala. "Wachita bwino, mwana wanga. Miyendo inayamba kunjenjemera."

Kunamveka mbuzi yokha ikulira kutali.

"Mchotseni mayiyo!" inakuwa Mfumu.

Asilikali anathamanga mikondo ili m'manja, koma atayandikira anayamba kuchepetsa liwiro mpaka anaima. Mkulu wawo, munthu amene anaperekezapo anthu ambiri ku Mpumulo ndipo ankadziwa bwino zakudya zakumeneko, anatembenuka n'kuchita sawasha.

"Mayi uti, Mwinidziko?"

"Ameneyo! Wakhala pampando wangayo!"

Msilikali anasuzumira pampando, anasuzumira pansi pake, anazungulira kumbuyo. "Ife sitikuona munthu, Mwinidziko."

A Indebwana anafika pakhutu la Mfumu, koma anaiwala kuti chimkuzamawu chikadali m'manja, moti kunong'ona kwawo kunamveka mpaka kumsika. "Mwinidziko, mayi ameneyo anamwalira Lachisanu lija. Munalengeza nokha. Pampandopo palibe munthu."

"Ndiye augwetse, agwe nawo!"

"Msilikali wogwetsa mpando wa Mfumu ndi woukira, Mwinidziko. Chilango chake munachikhazikitsanso nokha."

Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mfumu inayang'ana nduna zake, nduna zinayang'ana nsapato zawo. Pamenepo a Kamtedza, amene moyo wawo wonse anali asanakwezepo mawu pamaso pa wapolisi, anatsegula pakamwa.

"Mpando uli wopanda munthu!" anafuula. "Mfumu ikhale!"

Anthu anaulandira ngati nyimbo. "Mfumu ikhale! Mfumu ikhale!" Panalibe mlandu pamenepo, chifukwa ndi mawu omwewo amene ankawakakamiza kufuula chaka ndi chaka. Kungoti tsiku limeneli anawafuula ndi mtima wonse, ena misozi ikutsika chifukwa cha kuseka.

A Nangozo anamenya pantchafu pawo. "Bwerani, Mwinidziko, musachite manyazi. Miyendo imeneyi yalera ana ambiri, enanso olemera kuposa inu."

Dzuwa linakwera. Miyendo ya Mfumu, imene inali itaiwala kalekale ntchito yake, inayamba kugwedera. Nduna ina inabweretsa benchi, Mfumu inalikankha ndi phazi, poti mfumu yokhala pabenchi wina ali pampando si mfumunso. Ndaziona anali chigwadire pambali pa mayi ake. Tsopano anali atazindikira chimene wachita, ndipo ankadziwa kuti zikalephereka onse awiri akagona ku Mpumulo. Anagwira mwendo wa mpando mwamphamvu, osati kuti augwetse, koma kuti iye mwini asagwe.

Pomaliza milomo ya Mfumu inagwedera. "Ali moyo."

A Nangozo anaika dzanja kukhutu. "Malemu samva bwino, Mwinidziko. Takwezani pang'ono."

Mfumu inatsomphola chimkuzamawu m'manja mwa a Indebwana. "Ndati mayi Nangozo ali moyo! Ali moyo! Achoke pampando wanga!"

"Zikomo," anatero a Nangozo, akudzuka pang'onopang'ono. "Ndi wolimba kumsana mpando wanuwu. N'chifukwa chake mumakhala wokwiya."

Azimayi a pamjigo aja ndi amene anayamba kuwathamangira, akulira, akupepesa, aliyense akufuna kuwagwira dzanja. Ndaziona anawakumbatira mayi ake n'kulira mokweza ngati kamwana, ndipo panalibe nduna yomuuza kuti ngwazi sizitero.

Musade nkhawa ndi Mfumu, inakhalanso pampando wake tsiku lomwelo. Dzuwa lisanalowe galimoto ya chimkuzamawu inali itayamba kale kuzungulira, ikulengeza kuti Mfumu Sindichoka, mwa mphamvu zake zodabwitsa, yaukitsa wakufa anthu onse akuona, ndipo tsikuli lizikumbukiridwa chaka chilichonse. A Nangozo anasanduka umboni wa boma, moti kuchipatala adokotala anachita kuwalandirira pachipata, poopa kuti chozizwitsa cha Mfumu chingafe ndi chifuwa. Za Ndaziona analengeza kuti panali kulakwitsa pang'ono: mwana wokhala ndi mayi sangakhale mpulumutsi. Anamulanda chikopa chija, ndipo zibwenzi zake anazitumiza ku unduna wina.

Sabata yotsatira chiwaya chinali pamoto mumsika wa Tiyeseko. Ndaziona ankakazinga, mayi ake akusenda, kabotolo ka mankhwala kali pambali. Anthu ankabwera ambiri, koma si onse ankadzagula. Ena ankangoima n'kumamuyang'ana mtsikanayo ngati ali nawo ngongole ya chipulumutso. A Kamtedza ndi amene analimba mtima kufunsa.

"Ndiye mwanawe, unayamba bwino ndithu. Udzamaliza liti? Msonkho uja akwezanso dzulo."

Ndaziona anatembenuza chinangwa m'mafuta. "Ine ndinkafuna amayi anga, a Kamtedza, ndipo ndi awa. Koma mpandowo ndinaunyamula, si wolemera kwenikweni. Amuna awiri akhoza kuunyamula akucheza."

A Kamtedza anayang'ana manja awo, manja akuluakulu otha kupinda jombo ya msilikali, n'kuwalowetsa m'matumba. "Iyayi, ife ulosi sunatitchule. Pamafunika mwana. Wamasiye."

A Nangozo anaika mpeni pansi. "Kodi a Kamtedza, paja kwanu kuli ana angati?"

"Alipo asanu, mayi. Wamkulu ndi msinkhu wa Ndaziona yemweyu."

"Ndiye mukuvutikiranji kuyang'ana ana a eni? Chipsera n'chosavuta, mafuta ndi awa akuwira. Mayi awo paja anatisiya kale, chatsala ndi inuyo basi. Mwalirani Lachisanu likubwerali, ife tidzakuimbirani bwino, ndipo nyimbo sitidzaiyambira pamwamba."

Anthu amene anaima pamenepo anayamba kuseka, koma kusekako kunazima msanga, chifukwa aliyense anakumbukira kuti nayenso kunyumba kuli ana. Mmodzimmodzi anabalalika osatsanzika. A Kamtedza anabwerera ku nsapato zawo, ndipo mwana wawo wamkulu atawabweretsera chakudya masana, anamugwira pamkono nthawi yaitali, mwanayo mpaka anafunsa ngati bambo ake akudwala.